Batani Lophimba Mwezi

Anthu amati ine ndimakonda nkhani, ndipo sindikana, koma iyi sindinathireko mchere ngakhale pang'ono. Anandiuza ndi mwiniwake Kasingano tsiku limene ndinkamuluka tsitsi. Amake Mapasa, amene amachita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba yawo, anaona mapeto ake ndi maso awo. Mayi amenewo miseche amaitha kuposa ine, koma bodza sanena.

Kasingano ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa ndi woonda komanso bambo ake ndi telala. Amasokera m'chipinda chakutsogolo, chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kotulukira dzuwa. Mukangolowa mumalandiridwa ndi fungo la mafuta a makina ndi la nsalu yotenthedwa ndi simbi.

Atelalawo anali ndi kakhalidwe kamene msewu wonse unkawaseka nako. Ankayeza mwezi. Inde, wakumwambawu. Paja munthu wozolowera kuyeza ziuno za anthu, chilichonse amafuna achiike tepi. Mwezi ukakhala wathunthu, ukangosuzumira pamwamba pa denga la nyumba yoyang'anizana nayo, iwo ankakhala pampando n'kutenga ndodo yokulungirako nsalu, yotalika mamita awiri. Nsonga imodzi ankaitsamiritsa pansi pa diso lakumanja. Inayo ankaigwira akazi awo, ataimirira pazenera, n'kumaikako mabatani limodzilimodzi. Batani likachepa, kuwala kunkatsala m'mbali. Likakwana, mwezi unkabisala ndendende. Limenelo ankalisokerera pa kansalu kakuda kopachika kukhoma.

"Ndiye kasitomala wanuyu mumusokera liti diresi?" ankatero mayiwo, mkono utatopa.

"Angosiya kusinthasintha thupi, ndiyamba kudula," ankayankha Atelala.

Chaka chitatha, kansalu kaja kanali ndi mabatani khumi ndi awiri. Anayambira pa mamilimita 17, n'kumakwera mwezi ndi mwezi mpaka 20, kenako n'kuyamba kutsikanso. Aliyense wobwera kudzayesa suti ankalandira phunziro laulere. "Mwezi sukula, suchepa," ankatero. "Njira yake ndi yonga dzira. Ukadzaza uli pafupi umaoneka wonenepa, ukadzaza uli kutali umaoneka wofota. Ndipo zoti ukamatuluka umakula ngati beseni, amenewo ndi maso anu akukunamizani. Batani limakhala lomwelo." Pa 20 sipanapitirirepo.

Kenako mayi aja anadwala. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo wowadikirira anali Kasingano. Madzulo ena mayiwo anamukodola.

"Tseka katani, mwanawe. Mwezi wadzaza zenera lonse."

Kasingano anayang'ana kunja. Mwezi unali utangokhala kumene, kachikhadabo chabe. Anatseka katani kuti asawatsutse. M'mawa kutacha, mayiwo anali atatisiya. Mawu amenewa Kasingano sanauze munthu, ngakhale bambo ake.

Panapita miyezi iwiri ndodo ili pakona. Wachitatu, Atelala anaipukuta fumbi.

"Tabwera undigwirire."

Kasingano anasangalala, poti chichitikire maliro bambowo ankangokhala duu. Anatsegula chitini cha mabatani n'kuyang'ana kansalu kakukhoma. Malinga ndi mmene mzere unkatsikira, inali nthawi ya 17. Anaikapo.

"Lachepa."

Anaika 18, kenako 19, kenako 20.

"Lachepa, mwanawe."

"Ababa, ndiye lalikulu lija limeneli."

"Tenga la jekete."

La jekete linali 22. Bambowo anapumira m'mwamba n'kuti, "Eya." Analisokerera pakansalu. Kasingano anangoti mwina ndi misozi, paja diso lonyowa limakuza zinthu.

Mwezi wotsatira, 22 anakana. 25 anakana. Linakwana ndi batani la chikhoti chamvula, la 30. Apa Kasingano anati asinthane. Iye anakhala pampando, ndodo pansi pa diso, bambo ake n'kupita kuzenera. Batani la 17 linauphimba mwezi wonse, mpaka kutsalako malo.

"Mwaona? Ndi maso anu, Ababa."

Bambowo sanakane. Anangomuyang'ana ngati akumumvera chisoni.

Anawatengera kwa dokotala wa maso. Dokotala anawawerengetsa zilembo mpaka mzere wapansi, uja wa tizilembo tonga nyerere, ndipo sanaphonye n'kamodzi komwe. "Maso awa ndi a mnyamata," anatero. Kasingano anakafunsanso Madamu amene amatiphunzitsa jogalafe, mayi wosaseka uja. Iwo anaona pafoni n'kuti nyengo imeneyo mwezi ukudzaza uli kutali kwambiri, ndiye ndi waung'ono kuposa miyezi ina yonse ya chaka.

"Batani likachepa pali zinthu ziwiri," anatero Madamu. "Mwina mwezi wayandikira, kapena ndodo yatalika."

"Ndodo siitalika, Madamu."

"Nawo mwezi suyandikira munthu mmodzi. Ukugwira molakwika basi."

Mwezi wachisanu mabatani anatha. Chimene chinakwana ndi chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Wachisanu ndi chimodzi, sosala ya kapu ya tiyi. Nthawi imeneyi Atelala anali atayamba kutha thupi. Mathalauza awo anawabweza m'chiuno kawiri, okha. Chakudya ankangochigwiragwira. Makasitomala akamaseka, iwo ankaseka mochedwa, ngati nthabwalayo yachokera kutali.

Tsiku lina masana Kasingano anawapeza ali ndi tepi, akuyeza zenera. M'litali, m'lifupi. Analemba manambala ndi choko patebulo lodulira nsalu, n'kuwerengera ndi zala.

"Mukufuna katani yatsopano?"

"Ayi. Ndimangoona kuti udzadzaza liti."

"Chiyani?"

"Zenerali. Ndikuganiza kuti ndi ulendo ukubwerawu."

Kasingano anakumbukira chipinda cham'chipatala, katani yobiriwira, ndi mawu a mayi ake. Analibe mchimwene, analibe mchemwali. Anali ndi bambo okhawa.

Tsiku lomwelo anatenga ndodo n'kupita nayo kwa Amake Mapasa. Anawafotokozera zonse, kuyambira za kuchipatala. Mayiwo anatseka chitseko.

"Ika kunsi kwa bedi," anatero. "Ine makiyi ndimayenda nawo pachifuwa. Angaitenge ndani?"

Kasingano anatenga bulangete lochindikala n'kulikhomera pazenera ndi misomali isanu ndi itatu. Anawauza bambo ake kuti dzuwa lam'mawa likusuwitsa nsalu za anthu. Telala wa zaka makumi atatu pantchito sanganamizidwe choncho, koma iwo anangoti, "Wachita bwino."

Ndiye anayamba kuwerenga masiku. Mwezi utapita kumdima, ankagona tulo. Utakhala, kachikhadabo kaja, tulo tinatha. Patatha sabata unali theka. Kenako unayamba kutupa mbali inayo, tsiku ndi tsiku, ngati chithupsa. Anthu mumsewu ankati, "Koma kunja kukuwala bwino." Iye ankayenda choweramitsa mutu.

Masiku atatu omaliza, makina osokera anayamba kulira okha. Osati kusoka. Chopondera chinkangotsika kamodzi. Gwede. Kenako zii. Akapita kukaona, ankapeza makina ali chivindikirire, gudumu likumaliza kuzungulira.

Tsiku lenilenilo kunachita mitambo kuyambira masana. Kasingano anathokoza. Anaphika msanga, bambo ake anadyako masupuni awiri n'kukagona dzuwa lisanalowe. Magetsi anazima cha m'ma sikisi. Iye anazungulira kuseri kukanula zovala pachingwe, ndipo ali pomwepo anaona mitambo ikung'ambika chakum'mawa.

Amake Mapasa anatuluka m'chipinda mwawo ndi kandulo. Ankayenda mwakachetechete.

"Iwe," ananong'ona. "Ndodo ija wadzatenga?"

"Ayi."

"Kulibe."

"Mwaona bwino?"

"Ndatulutsa zonse, ndi masutikesi omwe. Chitseko chinali chokiya."

Zovala zinagwera m'dothi. Analowera khomo lakukhitchini, Kasingano patsogolo, mayiwo pambuyo. Msewu wonse unali chete. Agalu a kwa okonza njinga, amene amauwa ngakhale pepala louluka, sanali kumveka. Pakhonde lam'kati panali fungo. Mankhwala opaka pachifuwa, aja olasa m'mphuno. Mayi ake ankawapaka tsiku lililonse akudwala, ndipo botolo lake Kasingano analitaya yekha maliro atatha.

Kuchipinda kwa bambo kunali kotsegula. Pabedi panalibe munthu.

Gwede.

Kandulo inazima. Kunalibe mphepo.

Chitseko cha chipinda chosokera anachikankha ndi chala chimodzi. Bulangete linali litachoka pazenera. Linali patebulo, lopindidwa bwinobwino, misomali isanu ndi itatu itandandalikidwa pamwamba pake. Atelala anali pampando. Ndodo inali pansi pa diso lawo, manja awo onse awiri ali pamawondo. Nsonga inayo inaloza kuzenera. Inali m'malere, yowongoka, yosagwedera. Panalibe woigwira.

Amake Mapasa anagwira felemu ya chitseko. Kasingano analowa.

"Ababa."

"Shii. Kwatsala m'makona mokha kuti udzaze zenera."

Kasingano anayang'ana pazenera. Mwezi unali pamwamba pa denga lija, waung'ono, wamasiku onse. Anayang'ananso bambo ake. Nkhope yawo inali mbee. Malaya mbee. Khoma lakumbuyo kwawo linali mumdima, koma iwo ankawala ngati munthu waima patsogolo pa galimoto. Chifuwa chawo chinkakwera pang'onopang'ono. Chinkatenga nthawi kuti chitsike.

Anathamangira kuzenera. Sanaganize zokankha ndodo, sanaganize zowatseka m'maso. Mwana wa m'nyumba imeneyo ankadziwa chinthu chimodzi, kuti mwezi amauphimbira kunsonga. Anayang'ana uku ndi uku. Chitini chinali kutali. Anatambasula chikhatho n'kuchiika pansonga ya ndodo. Inali yozizira ngati chitsulo cham'mawa.

"Chachepa, mwanawe. Choka."

Anaika chachiwiri.

"Zachepa."

Mawuwo anatuluka ngati mpweya chabe.

"Ababa, musandisiye."

Chifuwa chawo chinatsika. Sichinakwerenso.

Fungo lija linafika pakhosi pake penipeni. Kumbuyo kwake kunali zenera lokha, koma anamva kuti pali munthu. Sanatembenuke. Kenako dzanja linasanjikika pamwamba pa manja ake. Louma. Lozizira. Pachala chapakati panali kachitsulo kaja kovala posoka, kokhala ndi timaenje. Kanamukanikiza mpaka kufupa.

Chipinda chonse chinada.

Mumdimamo munamveka munthu akukoka mpweya, wautali, ngati wotuluka m'madzi. Kenako mawu a Atelala, odandaula.

"Amake mwana, mwaphimbiranji?"

Ndodo inagwa pansi.

Amake Mapasa akuti iwo dzanja sanalione. Anaona ndodo ili m'malere, anaona mdima, anamva mawuwo. Anayatsa kandulo ndi machesi achinayi, atatu oyamba atathyoka. Kasingano anali chiimire, manja m'mwamba. Atelala anali moyo, maso ali gwa, akufunsa kuti magetsi ayaka liti.

Kuyambira tsiku limenelo Atelala saonanso. Dokotala yemwe uja anawaunika kawiri, n'kuitana mnzake, ndipo onse anati m'masomo mulibe vuto lililonse. Koma thupi linabwerera. Amadya, amaseka pa nthawi yake, amakhala pakhomo n'kumazindikira nsalu pongoikhudza. Amene akusoka tsopano ndi Kasingano, ndipo yunifolomu yangayi anasoka ndi iye. Kuseri kwa dzanja lake lamanzere kuli kachipsera kozungulira, ka timadontho tondondozana. Ine ndinakakhudza. Ndi kozizira.

Pamsewu pathu anthu agawanika. Amake Mapasa amati malemuwo anabwera kudzatenga amuna awo, mwana n'kuwatsekereza. Kasingano amakana. Amati mayi ake anabwera kudzamuthandiza kuphimba. Ndikamufunsa kuti nanga anachotsa bulangete ndani, anagwira ndodo ndani, amangoti ndimuluke msanga, khosi latopa.

Koma pali chimene anandiuza pomaliza, ndipo anatsitsa mawu. Sabata yatha, mwezi uli wathunthu, anawapeza bambo ake atakhala pampando uja, nkhope kuzenera. Ndodo anaiwotcha kalekale. Anawagwira paphewa.

"Ababa, mumaona chiyani mukakhala chonchi? Mdima?"

"Ayi. Chikhatho."

Kasingano anayang'ana kachipsera ka padzanja lake.

"Chatopa," anatero bambowo. "Zala zayamba kutalikirana."