Chitedze M'jekete ya Leah

Leah anali mtsikana wa Sitandade 3. Sukulu yake inali pafupi ndi Milonde. Leah ankakonda masamu. Ankakonda kuimba. Ankakonda phala la pa buleki. Koma anali ndi vuto limodzi. Vutolo linali Bryson.

Bryson ankakhala kumbuyo kwa Leah. Manja ake sankakhala phee. Miyendo yake sinkakhala phee. Pakamwa pake sipankakhala phee.

Tsiku lina Bryson anakwawira pansi pa desiki. Anamanga zingwe za nsapato za Leah. Leah anaimirira. Anafuna kuyenda. Khu! Anagwa pansi. Ana anaseka.

"Ndimangocheza," anatero Bryson.

Tsiku lina Bryson anatola chisoso. Anachimata kumsana kwa Leah. Leah anayenda nacho osadziwa. Ana anaseka.

"Ndimangocheza," anatero Bryson.

Tsiku linanso Leah anatsegula chikwama chake. M'chikwamamo munali chule! Chule anadumpha. Leah naye anadumpha.

"Mayo ine!" anakuwa Leah.

Ana onse anaseka. Ndi Joice yemwe anaseka. Joice anali mnzake wa pamtima wa Leah.

"Ndimangocheza," anatero Bryson.

Leah sanaseke. Mtima unamuwawa.

Poweruka, Leah anayenda mwachangu. Joice anamuthamangira.

"Leah, tandidikira! Pepa, ndinaseka nawo."

"Ndatopa naye Bryson," anatero Leah. "Mawa aona."

"Bwanji osakanena kwa Madamu?"

"Ayi. Ndikufuna nayenso asekedwe."

Njira ya kwawo inkadutsa m'mbali mwa munda wa tiyi. Kumunsi kunali kamtsinje. Pafupi ndi kamtsinjeko panali tchire. M'tchiremo munali chitedze.

Leah ankachidziwa chitedze. Nyemba zake zili ndi ubweya. Ubweyawo ukakukhudza, umayabwa. Umayabwa kwambiri.

Leah anaima. Anachiyang'ana chitedze. Anamuyang'ana Joice.

"Iii, Leah, usatero!" anatero Joice.

Leah anapitiriza ulendo.

M'mawa kunazizira. Nkhungu inabisa phiri la Mulanje. Leah anavala jekete yake yofiira. Anathothola tsamba la nthochi. Anatola kamtengo. Anathamangira ku tchire kuja.

Go! Go! Anagwetsa nyemba za chitedze ndi kamtengo. Nyemba zinagwera patsamba. Leah anakulunga tsambalo mosamala. Analiika m'thumba la jekete.

M'kalasi Leah sanakhazikike. Anayang'ana kukhomo. Anayang'ana pawindo. Anagwira thumba. Analisiya. Analigwiranso.

Madamu anafunsa funso. Leah sanalimve.

"Leah, lero watani?" anafunsa Madamu.

"Palibe, Madamu."

Mtima wake unkagunda. Gu! Gu! Gu!

Ndichite? Ndisachite? Ndichite? Ndisachite?

Belu linalira. Inali nthawi ya buleki. Ana anatenga makapu awo. Anathamangira kuphala. Leah anatsala yekha m'kalasi.

Anaima pa desiki ya Bryson. Anapisa dzanja m'thumba. Anagwira tsamba lija.

Leah anakumbukira kugwa kuja. Anakumbukira kuseka kwa ana. Kunali kowawa.

Anatulutsa dzanja lopanda kanthu.

"Ayi," anatero chamumtima. "Ndikachitaya kudzenje la zinyalala."

Panja nkhungu inali itachoka. Dzuwa linawala. Leah anamva kutentha. Anavula jekete. Anaikoleka paphewa. Anayamba kuyenda kupita kudzenje.

Mwadzidzidzi, tsomphoo! Jekete yapita!

Anali Bryson.

Bryson anathamanga nayo. Anaivala. Anayamba kuyenda monyang'wa.

"Taonani! Ine ndine Leah!" anatero. "Ndimaopa achule!"

Ana anaseka.

"Bryson, vula!" anakuwa Leah. "Vula msanga!"

Bryson sanamve. Anapisa manja m'matumba. Anapeza tsamba lija.

"Aaa! Wabisa chitumbuwa!"

"Usatsegule!" anakuwa Leah.

Bryson anatsegula. Kamphepo kanaomba. Ubweya unauluka. Unagwera m'manja mwake. Unagwera m'khosi mwake. Unalowa m'malaya.

Bryson anaima. Anakanda dzanja. Anakanda khosi. Anakanda mimba. Anakanda msana.

Anadumpha. Anazungulira. Anadumphanso.

"Bryson akuvina!" anakuwa mwana wina.

Ana onse anaseka. Anaseka kwambiri. Izi n'zimene Leah ankafuna dzulo. Koma lero sanasangalale.

Bryson sankavina. Bryson ankalira.

Leah anathamanga. Anagwira jekete. Anakoka. Anakokanso. Jekete inavuka. Tsopano manja a Leah anayamba kuyabwa. Mikono inayabwa. Chibwano chinayabwa.

Bryson anakanda. Leah anakanda. Onse awiri anakanda.

Madamu anafika akuthamanga. Anaona tsamba pansi. Anaona nyemba zija.

"Ana inu, futukani! Ichi n'chitedze! Wabwera nacho ndani?"

"Ndi Bryson!" anakuwa ana. "Amafuna kumuikira Leah m'jekete!"

"Si ine!" analira Bryson.

"Ndi iweyo! Dzulo unamuikira chule!"

"Si ine, Madamu! Si ine!"

Madamu anapukusa mutu.

"Bryson, lero wanyanya. Tipita kwa ahedi. Tiitana bambo ako."

Bryson analira mokweza. Panalibe womukhulupirira.

Leah anayang'ana pansi. Anapondera mwendo uwu. Anapondera mwendo uwo. Manja ankayabwa. Mtima unkagunda. Gu! Gu! Gu!

Ndinene? Ndisanene? Ndinene? Ndisanene?

Joice anamuyang'ana. Anangomuyang'ana.

Madamu anayamba kuyenda. Bryson anawatsata akulira.

"Madamu!" anaitana Leah.

Mawu ake anali aang'ono. Madamu sanamve.

"Madamu! Si Bryson. Ndine."

Madamu anatembenuka.

"Iwe, Leah?"

"Eee, Madamu. Ndinachitenga kumtsinje. Ndimafuna ndimuikire pa desiki. Kenaka ndinasintha maganizo. Ndimakachitaya."

Misozi inatsika m'masaya mwa Leah.

Madamu anawayang'ana onse awiri.

"Tikambirana," anatero. "Koma poyamba tiyeni kukhitchini. Fulumirani!"

Kukhitchini kunali amayi ophika phala. Amayiwo anaona ana akukanda.

"Ogo! Chitedze!" anatero mayi wina. "Lekani kukanda, ana inu. Mukamakanda chimanyanya."

Anatapa phulusa lozizira. Anapaka Bryson m'manja ndi m'khosi. Anapaka Leah m'mikono. Bryson anayera mbuu. Leah anayera mbuu.

Kenaka anawasambitsa ndi sopo. Kuyabwa kunachepa. Kunachepa pang'onopang'ono.

Madamu anawakhazika pansi pa mtengo.

"Bryson, ukamuikira mnzako chule, umati chiyani?"

"Ndimati ndimangocheza," anayankha Bryson motsitsa mawu.

"Leah amaseka nawo?"

"Ayi, Madamu."

"Nanga lero anzako amaseka. Iwe unaseka nawo?"

"Ayi, Madamu."

"Mnzako akalira, kumeneko si kucheza."

Madamu anatembenukira kwa Leah.

"Leah, chitedze n'choopsa. Chikanalowa m'maso, bwenzi tikuthamangira kuchipatala. Mnzako akakuvutitsa, uzibwera kwa ine. Wamva?"

"Ndamva, Madamu. Pepani."

"Wachita bwino kunena zoona. Koma nonse awiri musesa m'kalasi poweruka."

Poweruka ana onse anapita. Leah anatenga tsache. Bryson anatenga tsache. Leah anasesa kutsogolo. Bryson anasesa kumbuyo. Anakumana pakati.

"Bwanji unanena?" anafunsa Bryson. "Ukanangokhala chete."

"Sunali iwe," anayankha Leah.

Bryson anayang'ana tsache lake.

"Koma chule uja ndinali ine."

"Ndikudziwa."

"Chisoso chija ndinali ine."

"Ndikudziwa."

"Nsapato zija..."

"Ndikudziwa, Bryson!"

"Pepa, Leah. Sindidzayambiranso."

"Nanenso pepa. Chikuyabwabe?"

"Pang'ono. Kumsana kuno."

Leah anamukanda kumsana ndi mpini wa tsache.

"Apo! Apo pomwepo!" anatero Bryson.

Onse awiri anaseka.

Leah ananyamula jekete yake ndi kamtengo. Sanafune kuigwira. Anayenda nayo choncho mpaka kunyumba.

Amayi ake anali atangobwera kothyola tiyi. Ababa ake ankakonza njinga pabwalo. Morris, mlongo wake wamng'ono, ankawathandiza kugwira sipanala.

"Nanga jekete ikuyendera pamtengo bwanji?" anafunsa amayi.

Leah anafotokoza zonse. Sanabise kanthu. Amayi anamvetsera. Ababa anasiya njinga, anamvetsera.

"Unalakwa kuthyola chitedze, mwanawe," anatero amayi. "Tiye, tunga madzi. Jeketeyi tichapire limodzi."

Anachapa. Anatsukuluza. Anachapanso. Anayanika pachingwe.

"Odi kuno!"

Anali amayi a Bryson. Bryson anabisala kumbuyo kwawo. M'manja mwake munali chinanazi chachikulu.

"Fikani, amayi," anatero amayi a Leah. Anayala mphasa.

"Mnyamatayu wandiuza zonse," anatero amayi a Bryson. "Wamuvutitsa mwana wanu nthawi yaitali. Tabwera kudzapepesa."

"Nafenso pepani," anatero amayi a Leah. "Wathuyu naye analakwa."

Bryson anagwada. Anapereka chinanazi ndi manja awiri.

"Cha kumunda kwathu," anatero.

Ababa anatenga mpeni. Anasenda chinanazi. Anachidula mapisi. Aliyense analandira. Chinali chotsekemera. Madzi ake ankayenderera m'zigongono.

Morris anadya pisi lake. Anapempha lina. Anadya. Anapemphanso lina.

Kenaka Morris anaima. Anatulutsa lilime. Anatong'ola maso.

"Amayi! Lilime likundiyabwa!"

Leah anadzidzimuka. Bryson anadzidzimuka.

"Si ine!" anakuwa onse awiri pamodzi.

Ababa anaseka mpaka anagwetsa mpeni.

"N'chinanazi chimenecho, Morris," anatero. "Wadya chambiri."

Amayi anaseka. Amayi a Bryson anaseka. Leah ndi Bryson anaseka. Morris naye anaseka, lilime lili panja, dzanja litatambasukira pisi lina.