Tebulo Lodandaula

Kutatsala milungu itatu kuti pasukulu pachitike chionetsero cha zaluso, Namawaya anali atagwira njakata. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa m'chikwama mwake simunkasowa mawaya, mabatire akutha ndi tizitsulo tosadziwika bwino. Chinthu chake chokaonetsa anali atamaliza kulumikiza, koma sichinkasangalatsa munthu.

Mtsikanayu anatenga tebulo lakale n'kuikapo kompyuta imene anaitaya ku laibulale. Pagalasi pake pankangozungulira kagudumu, pansi pake pali mawu akuti “Dikirani pang'ono.” Kunsi kwa tebulolo anamatako sensa, kachipangizo kokula ngati batani la malaya, komva kugunda. Munthu akatopa n'kudikira namenya tebulo, sensayo inkatumiza uthenga ku kabolodi kamagetsi, ndiye sipika inkalira kuti pii!

Aphunzitsi a zaluso anamenya tebulolo kawiri, kenaka anavula magalasi.

“Pii basi?” anafunsa. “Mawaya onse ali m'malo mwake, ndavomera. Koma iweyo kompyuta ikakukwiyitsa umalira kuti pii? Chinthu chakochi chikusowa munthu m'kati mwake.”

Namawaya anapita kwawo mutu utaima.

Bambo ake anali kalaliki pa kampani ina yonyamula katundu, wolemba makalata ndi malipoti a misonkhano. Zaka makumi awiri anagwira ntchitoyo pa taipilaita, ndipo zala zawo zinazolowera kukhoma, osati kusisita. Chaka chimenecho anawapatsa laputopu. Loweruka lililonse ankabwera nayo kunyumba kuti atsirize zimene zawakanika kuofesi.

Loweruka limenelo masana, Namawaya akudutsa pakhomo la pabalaza, anamva tebulo kuti phaa!

“Aaa, koma iwe! Ndakulakwira chiyani? Ndime yonse ija yapita kuti? Wameza?”

Anaima n'kusuzumira. Sanachedwe kuona vuto lake. Bambo akamalemba, chikhatho chawo chinkakhudza kabwalo kosisita ndi chala kamene kali m'munsi mwa mabatani, ndiye mawu ankadumphira pena, ena n'kufufutika. Kungodina mabatani awiri pamodzi, kabwaloko kakanazima, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anatsegula pakamwa kuti awauze, koma mawu a aphunzitsi anamufikira m'mutu. Munthu uja si ameneyu? Anatseka pakamwa pake. Analowa ngati akufuna buku, naika foni yake kuseri kwa botolo la maluwa, ikujambula mawu.

Mumtima ankati awauza mawa. Koma mawa lakelo anapeza kuti akufunikanso mawu oyenera munthu womenya pang'ono, ena a womenya pakatikati, ndi ena a womenya ndi mtima wonse. Loweruka linanso linadutsa, ndi linzake. Chikumbumtima chikamutsina, ankachitonthoza kuti palibe adzadziwe mwini mawuwo, komanso chionetsero chili Lachisanu, bambo adzakhala ali kuntchito. Munthu akafuna kuchita chinthu, zifukwa sizisowa.

Tsikulo litafika, muholo ya sukulu munadzaza ana ndi makolo. Panali zojambula, zoumba ndi zosoka, koma mzere wautali unali pa tebulo la Namawaya. Wogunda ndi chala ankamva mawu otopa akuti, “Mmm, wayambanso.” Womenya ndi chikhatho ankafunsidwa kuti, “Wameza?” Koma anyamata ankalimbirana kumenya ndi chibakera, chifukwa apo m'pamene sipika inkakuwa kuti, “Ndine wamkulu ine! Usandichititse manyazi kwa ana a kuofesi!”

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Aphunzitsi a zaluso ankangogwedeza mutu mokhutira. “Tsopano lili ndi moyo,” anamunong'oneza. “Oweruza akubwera posachedwa, konzeka.”

Namawaya anasangalala kwambiri, sitingabise. Koma paja amati chakomachakoma pusi anagwa chagada. Atakweza maso, anaona bambo ake ataima kumapeto kwa mzere, tayi ili pakhosi. Anali atapempha ola limodzi kuntchito kuti adzaone luso la mwana wawo, ndipo ankamwetulira poona kuti khamu lonselo lili pa tebulo lake.

Mnyamata wina anaponya chibakera. Sipika inakuwa. Kumwetulira kwa bambo kunazima pang'onopang'ono.

Mayi wina amene anaima pafupi nawo ankapukuta misozi ya phwete. “Koma mkulu ameneyu ndiye wachikale bwanji!” anatero akuwagunda pamkono. “Angomupumitsa ntchito basi, kapena mukuti bwanji, bambo?”

“Zoonadi, mayi,” anayankha mwaulemu.

Mayiyo atamva liwulo anasiya kuseka. Anayang'ana sipika, nayang'ana bambowo, kenaka anagwira pakamwa. Bambo anakonza tayi yawo n'kutuluka, osathamanga.

Namawaya anagwada pansi pa tebulo n'kuzula waya wa sipika. Nthawi yomweyo oweruza awiri anafika ndi mapepala awo. Mmodzi anamenya tebulo, koma kunali zii. Anamenyanso.

“Lawonongeka?”

“Ayi, ndazimitsa dala,” anatero Namawaya, maso ali pansi. “Mawu ali m'menemo si anga, ndipo mwini wake sindinamupemphe.”

Oweruzawo anayang'anana, nalemba kenakake, n'kupita pa tebulo lina.

Madzulo dzuwa lisanalowe, Namawaya anapeza bambo ake atakhala pabalaza, laputopu ili patsogolo pawo, yotseka. Sanamukalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri. Anaima pakhomo, chikwama chili kumsana.

“Ababa, ndalakwa. Pepani.”

“Unandijambula kangati?”

“Maloweruka atatu.”

“Foni unkaibisa pati?”

Analoza botolo la maluwa. Bambo analiyang'ana ngati akuliona koyamba.

“Chabwino. Tsono iwe poti ndiwe katswiri wa zimenezi, nthawi yonseyo sunaone chimene chimandidyera mawu anga?”

Apa bodza likanamupulumutsa, koma linakana kutuluka.

“Ndinaona, ababa. Tsiku loyamba lomwe. Chikhatho chanu chimakhudza kabwalo ako. Kamatheka kuzimitsa.”

Bambo anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

“Mwezi uno abwana andiitana kawiri chifukwa cha malipoti ochedwa. Ulendo wachiwiriwu anandifunsa ngati maso anga akuonabe bwino. Ine ndimaganiza kuti mutu wanga ndiye watha.” Anapuma. “Kundiseka anthu aja si kanthu, mwana wanga, sandidziwa, mawa aiwala. Koma iwe unali pakhomo pomwe waimapo. Unandiona ndikumira, iwe n'kubweretsa foni. Chikhalirecho mpando uli apa.”

Namawaya anavula chikwama. Anakoka mpando uja n'kukhala pambali pawo. Anaopa kuti bambo amuuza achoke. Koma iwo anatsegula laputopuyo n'kuikankhira pakati pa awiriwo.

Mtsikanayo anatambasula dzanja kuti adine yekha, koma analibweza.

“Bweretsani zala zanu, ababa. Gwirani batani ili, musalisiye. Tsopano dinani ili.”

Bambo anadina. Pakona pa kabwalo paja panayaka kanyali kakang'ono. Anayamba kulemba mosamala ngati munthu woyenda pa matope, kenaka zala zinayamba kuthamanga monga zinkachitira kale. Mzere woyamba unatha, wachiwiri, mpaka ndime yonse. Palibe liwu limene linasowa.

Anasiya kulemba, maso ali pagalasi.

“Ndi zomwezi basi?” anafunsa motsitsa.

Namawaya anangogwedeza mutu kuvomera.