Nkhunda Ziwiri za Eniake

Eulalia anakumana ndi Fidencio pokwerera basi, m'mawa wina wozizira kwambiri. Pamene ankakonza mpango wake, ndolo imodzi inakodwa mu ulusi n'kugwera m'fumbi.

Mnyamata wachilendo, wonyamula chikwama cha zipangizo zomangira nyumba, anawerama n'kuitola. Inali yasiliva, yooneka ngati mwezi wongokhala kumene, ndipo m'kati mwake munali kankhunda kamodzi.

"Nkhunda imodzi," anatero akumwetulira. "Ndiye kuti khomo n'lotsegula, chemwali?"

"Pakhomopo pali galu," anayankha Eulalia. "Bweretsani ndolo yanga, achimwene."

Kwawo kwa Eulalia ndolo zimayankhula. Namwali amavala za nkhunda imodzi. Mwamuna akatsimikiza za ukwati sapereka mphete ayi, amapita kwa wosula siliva kukagula ndolo za nkhunda ziwiri zoyang'anizana, ndipo mkazi amazivala mpaka imvi.

M'basimo anakhala mpando umodzi. Fidencio anati kwawo n'kuseri kwa phiri, koma amagwira ntchito kulikulu ndipo amabwera Loweruka lokha. Pomwe Eulalia ankatsika, n'kuti galu wa pakhomo uja atagona kalekale!

Mauthenga apafoni anayamba kugwa ngati mvula yoyamba.

"Mwezi wanga, wadzuka bwanji? Simenti yandidya manja, koma mtima yaulephera, akuti uli ndi mwiniwake."

Loweruka lililonse ankabwera ndi kaphukusi. Poyamba zinali ndolo zing'onozing'ono zomatirira pakhutu ngati dontho la mame. Kenako zamphete, zazikulu moti dzira likanadutsamo. Zinabwera zamikanda yofiira, zolendewera mpaka m'mapewa, zanthenga, ngakhale zongopanira zosafuna bowo.

"Izi n'za maso ako," ankatero. "Izi n'za kuseka kwako. Tsiku lina ndidzakuveka zoti sudzavulanso, ndikulumbira!"

Zina mwa ndolozo zinkamutupitsa makutu, koma Eulalia ankazivalabe. Kodi chikondi chimamva kuyabwa?

Amayi ake, mayi Remedios, ankangoyang'ana uku akukanda ufa wa mikate ya chimanga.

"Kodi mnyamatayu akufuna kukutsegulira sitolo?" anafunsa tsiku lina.

"Aa, amayi! Akusonyeza chikondi."

"Mwana wanga, mwamuna wobweretsa ndolo zamitundu yonse n'kusiya mtundu umodzi wokha, amadziwa chimene akuzemba."

Mawuwo anamulasa. Loweruka lotsatira, atakhala m'mphepete mwa munda wa chimanga, Eulalia sanatsegule n'komwe kaphukusi kaja.

"Fidencio, anthu ayamba kundiloza. Anzanga akunditcha mtengo wopachikapo ndolo. Ukadzabweranso wopanda nkhunda ziwiri, usadzabwere."

"Mwezi wanga, ukundikayikira?"

"Sindikukayikira. Ndatopa."

Panapita milungu ingapo foni ili zii. Eulalia anaonda. Kodi anali atathamangitsa yekha mwayi wake? Koma tsiku lina Fidencio anatulukira, m'manja muli kansalu komanga mfundo.

Nkhunda ziwiri! Siliva wake anali wakale, wodera m'makwinya, ndipo phiko la nkhunda imodzi linali lopindika pang'ono.

"Zinali za malemu agogo anga," anatero Fidencio. "Phikolo linapindika tsiku limene bulu anawagwetsa. Palibe wina woyenera kuzivala koma iwe, mkazi wanga."

Eulalia analira ndi chimwemwe pamene ankamuveka.

"Koma usazionetse pagulu," anawonjezera. "Dikira kaye makolo anga adzaonekere kwanu."

Angabise bwanji dzuwa m'thumba? Litafika tsiku la chikondwerero cha woyera mtima wa tchalitchi chachikulu, kumene midzi yonse imakumana, Eulalia anamanga tsitsi lake kumbuyo kuti makutu aoneke bwino. Fidencio anali atanena kuti ntchito yamugwira kulikulu.

"Taonani mtengo uja wabala zipatso!" anakuwa anzake akumukumbatira. "Ukwati liti, akazi a eniake?"

Misa itatha, Eulalia anaima pamene mayi wina ankagulitsa chimanga chootcha. Mayiyo anali wamng'ono ndithu, mwana ali kumsana. M'makutu mwake munalibe ndolo, munali timaudzu touma.

Mayi uja anasiya kutembenuza chimanga.

"Pepani chemwali, ndolozi mwazigula kwa wosula uti?"

"Sindinagule, mayi. Wandiveka ndi amene adzandikwatire."

"Tatembenukani pang'ono ndione yakumanzereyo."

Eulalia anatembenuka monyadira. Mayiyo anatambasula dzanja, koma sanaikhudze.

"Phiko ili analuma ndi uyu," anatero motsitsa, akuloza mwana wakumsana. "Mano anali akumera kumene. Bambo ake anazitenga mwezi watha, amati akukawongoletsa kwa wosula. Ine ndaika timaudzuti kuti mabowo asatsekeke."

Mabelu ankalira, oimba ankaomba malipenga, koma Eulalia sankamva kanthu.

"Mwina zangofanana," anatero Eulalia. "Izi zinali za agogo ake."

"Agogo ake a ndani, chemwali?"

"A Fidencio."

Mayi uja anatseka maso. Chimanga chinayamba kupserera pamoto, koma palibe anachichotsa.

"Agogo ake ali moyo," anatero. "Ndawasiya kunyumba akudyetsa nkhukundembo. Ine ndine Crescencia, mkazi wake. Ndimaganiza kuti wosula wandigulitsira ndolo zanga. Bwenzi zili bwino zikanakhala choncho."

Crescencia sanatukwane. Sanakuwe. Zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri Eulalia. Akanamumenya mbama, mwina akanapeza polirira.

Anzake anali chapatali, akumuyang'ana. Akavula pamenepo, mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe. Akachoka nazo, adzayenda bwanji ndi mano a mwana wa mnzake pakhutu?

Anakweza manja n'kuvula yoyamba, kenako yachiwiri.

"Sindinkadziwa, mayi. Mulungu ndi mboni."

"Ndaona mmene munatembenukira," anayankha Crescencia. "Wakuba satembenuka choncho."

Manja a Crescencia anali akuda ndi makala, ndiye Eulalia anasolola yekha timaudzu tija, n'kumuveka ndolozo mosamala, imodzi ndi imodzi. Mwana uja anatambasula kadzanja kufuna kugwira nkhunda yake.

Crescencia anapukusa mutu pang'ono, ndolo zikugwedera.

"Zayamba kulemera," anatero. "Kale sizinkalemera chonchi."

Eulalia anabwerera kwawo wapansi, makutu ali opanda kanthu. Ali m'njira foni inalira.

"Mwezi wanga, nkhunda zathu zili bwanji? Uzisunge bwino, ndi moyo wanga wonse!"

Anaima pambali pa msewu, misozi ikugwera pagalasi la foni, n'kulemba: "Zabwerera kwa mwiniwake. Mwana wako wazizindikira."

Yankho silinabwere.

Kunyumba, mayi Remedios anayang'ana makutu a mwana wawo. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi ndolo zakale zija, za nkhunda imodzi. Anamukhazika pampando, n'kumupaka mafuta pamene panatupa.

"Amayi, anthu andiseka."

"Aseka, kenako atopa. Khala bwino ndikuveke."

Eulalia anapendeketsa mutu. Kankhunda kaja kanalowa m'malo mwake mosavuta, kali kokha, mapiko onse awiri ali owongoka.