Malata a Mayi Philomena

Dzuwa linali litafika paliwombo, koma matumba awiri a mtedza wa buai anali akadali pansi, pambali pa geti la pamalire la Wutung. Jacinta ankangowayang'ana, mtima ukuwawa. Mtedza wotafunawu, womwe umafiiritsa milomo, supirira dzuwa, ndipo ukangofota, ogula a pamsika wa Batas, tsidya la Indonesia, sauyang'ana kawiri. Amayi ake, a Philomena, anali atakolola mitengo yonse imene malemu amuna awo anasiya kuti akagule malata kutsidyako, poti denga lawo lamasamba linkadontha ngati dengu.

Chomupweteka kwambiri n'chakuti vutoli analiitana yekha. Nthawi zonse amayi ake akamva kuti a Kaspar ndiwo akulondera pageti, ankasintha tsiku. Jacinta ankaona ngati n'kupusa. A Kaspar si mng'ono wawo wa bambo ake kodi? Munthu wa yunifolomu, wonyaditsa banja lonse! Ndiye dzulo lake anathamangira kwa a Kaspar mwamseri.

“Bambo aang'ono, mawa amayi adutsa ndi katundu. Mudzawathandize.”

A Kaspar anasinthana tsiku ndi mnzawo, ndipo thandizo lake ndiye linali limeneli.

“Alamu, lero mwatikumbuka!” anatero atangowaona, uku akumasula thumba. “Eee, kunona kwake! Anyamata, bwerani mudzalawe wa m'munda mwa achimwene.”

Anzawo anatapa, wina m'chipewa, wina m'matumba a buluku. A Philomena anangowerama. Mlamu ndi mlamu. Pamwambo wa kuno, dzina lake sulitchula, akapempha sumukaniza, ndipo sumukwezera mawu ngakhale akuponde chala.

“Alamu, dzuwali likuwononga katundu,” anatero monong'ona.

“Bwana woyeza zomera sanafike. Ndi lamulo, alamu. Kodi ine ndingatani?”

Amayi ena, atasenza zikwama zawo za bilum pamphumi, ankadutsa mmodzimmodzi, aliyense atasiyako kenakake. A Bernadette, mnzawo wa a Philomena, anaima pang'ono.

“Philo, iwe ndiye wodala. Ife amatidyera ndi alendo, iwe akukudyera ndi achibale!”

Amayiwo anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Jacinta analakalaka nthaka itang'ambika.

Bwana uja sanaoneke. A Kaspar anawalola kudutsa dzuwa litapendeka, atadzaza kale bilum yawo ndi mtedza wosankha. Ogula a mumzinda wa Jayapura anali atapita. Yemwe anatsala anafinya kamtedza kamodzi, n'kupukusa mutu. A Philomena anagulitsa motaya, n'kubwerako ndi kathumba ka mpunga ndi sopo basi. M'basi Jacinta anaulula zonse akulira, koma amayi ake anangoti, “Tsopano wadziwa,” n'kuyang'ana kunyanja.

Lamlungu masana mvula inagwa yamkokomo. M'nyumba monse anatchera mabeseni ndi mapoto. Posakhalitsa a Kaspar anatulukira kudzausa, milomo ili psuu, akutafuna. Analavulira pakhomo malovu ofiira, n'kulowa.

A Philomena anawatengera mbale ya nsima ya sago ndi nsomba, mwaulemu wonse.

“Jacinta mwana wanga,” anatero a Kaspar, “amayi akamadutsanso uzindiuza, wamva? Pachibale timathandizana.”

Jacinta anawayang'ana pakamwa. Amayi ake mwambo unawamanga lilime, koma iye sanali mlamu wa munthu. Anachotsa beseni pakati pa nyumba, n'kuikapo mpando.

“Khalani apa, bambo aang'ono.”

Atangokhala, dontho linawagwera pamutu, kenako lina m'khosi.

“Iwe, sukuona kuti pakudontha apa?”

“Ndikuona. Malata ake ndi amene mukutafunawo.”

A Kaspar anasiya kutafuna. Anatembenukira kwa mlamu wawo kuti amudzudzule mwanayo, koma a Philomena anali kalikiliki kufinya chisanza, ngati sanamve. Bamboyo ananyamuka osakhudza mbale, n'kutuluka m'mvula momwemo.

Jacinta anachotsa mpando uja, n'kubwezerapo beseni.