Seva Inadzaza Lolemba

Webusaiti ya zipatala zitatu za odwala mtima inagwa Lolemba, nthawi ya 8:40 m'mawa, Ilinca Vornicu asanavule n'komwe jekete. Foni ya mu ofesi inalira katatu motsatizana. Odwala ankalephera kulembetsa tsiku lokaonana ndi dokotala, ndipo mlembi wa chipatala cha ku Tătărași ankakalipa ngati kuti Ilinca wachita kuzimitsa dala.

Ilinca sanatekeseke. Anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa kakampani ka Bambo Tudoran, ka anthu asanu ndi anayi, pamwamba pa sitolo ya nsapato mumzinda wa Iași ku Romania. Anali ataona mawebusaiti akugwa pa zifukwa zochititsa manyazi kuzitchula. Anaika khofi pambali n'kulowa mu seva, kompyuta yaikulu ija yosunga zonse. Vuto analipeza m'mphindi ziwiri: malo osungiramo zinthu anali atadzaza tho.

Koma chimene chinadzazamocho n'chimene chinamuimitsa mutu. M'foda ina yakumbali munali timafayilo masauzande, tonse tofanana kukula. Anatsegula kamodzi. Munali mayina a odwala, zaka zawo, manambala a foni ndi mankhwala amene akumwa. Kafayilo kalikonse kanali ndi anthu 480. Atafufuza anapeza kapulogalamu kobisika kamene masana aliwonse, anthu ali ku nkhomaliro, kankakopera mayinawo n'kuwatumiza kunja. Kanali katagwira ntchito imeneyi milungu isanu.

Ilinca anakauza Bambo Tudoran, ndipo iwo anaimbira apolisi. Pa 11 koloko anafika Inspekitala Cazacu wa nthambi ya milandu ya pa kompyuta, mayi wamfupi wosachedwa ndi moni. Nkhaniyi sinamudzidzimutse. Kwa mwezi wathunthu okalamba ankadandaula kuti anthu ena akuwaimbira foni, kuwatchula dzina ndi matenda awo, n'kuwagulitsa mankhwala abodza. Mkulu wina wa ku Păcurari anafika posiya mankhwala enieni, ndipo anali chigonere m'chipatala.

Lachiwiri inspekitala uja anabweranso ndi mapepala. Anakhala ndi Ilinca m'kachipinda ka misonkhano n'kumuuza mosazungulira kuti kapulogalamu kakubako kanaikidwa pa 14 Malichi, nthawi ya 12:50 masana, kuchokera pa laputopu ya Ilinca yemweyo.

"Mayi Vornicu, anzanu akamagawa zinthu m'magulu amasankha 500 kapena 1000," anatero Cazacu. "Katswiri wathu wapeza 480 m'mapulogalamu anu khumi ndi anayi. M'kakubaka mulinso 480."

"Ndi chizolowezi chabe. Seva yathu yakale inkakomoka ikapitirira pamenepo."

"Chizolowezi cha ndani?"

"Changa," anayankha Ilinca.

Cazacu anamulanda laputopu, anamuletsa kutuluka mu Iași, n'kumuuza kuti Lachisanu pa 10 koloko akaonekere kwa loya wa boma. Bambo Tudoran anamupempha kuti ayambe wapuma kunyumba, maso ali pa nsapato zawo. Ilinca anadziwa tanthauzo lake. Mlandu wotere ndi wa ndende, ndipo ngakhale utatuluka, palibe amene angakupatsenso makiyi a seva yake. Mantha anamugwira ndithu.

Amene anamuperekeza mpaka pokwerera tramu, sitima ya m'misewu ya mumzinda, anali Horia Dobrin, mkulu wa olemba mapulogalamu pa kampanipo. Ndiye anamuphunzitsa ntchito Ilinca atangochoka ku yunivesite. Anali munthu waukhondo, wopukuta kiyibodi m'mawa uliwonse, wosakweza mawu ngakhale zinthu zitaipa.

"Usade nkhawa, mlongo wanga," anatero Horia. "Apolisi amayamba ndi amene ali pafupi. Zimenezi zitha."

Ali mu tramu, Ilinca anakumbukira tsiku la 14 Malichi lija. Pa ofesi yawo, monga m'maofesi ambiri a ntchito imeneyi, pali kamwambo. Ukachoka pa desiki osatseka kompyuta, mnzako amakhalapo n'kutumiza imelo m'dzina lako kwa aliyense, yonena kuti mawa ugulira ofesi yonse covrigi, timikate topota tija ta pa ngodya. Wotumizayo saulula, ndipo kufunsa n'kupanda ulemu. Tsiku limenelo wogwidwa anali Ilinca, atasiya laputopu yake yosatseka. Mawa lake anabwera ndi thumba lodzaza, anthu n'kudya akumuseka.

Anaimbira Cazacu n'kufotokoza zonsezo. Inspekitala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati akufuna kuti amange anthu asanu ndi atatu chifukwa cha mikate. Anamuuza kuti abwere ndi dzina, osati nthano.

Lachitatu Ilinca anakhala m'nyumba mwake ku Nicolina, manja lende. Chimene chinkamusowetsa mtendere inali mizere imene anamuonetsa papepala ija. Sinali yongofanana ndi yake ayi. Inali yake yeniyeni, kuyambira mayina a tizigawo mpaka kaimikidwe kake. Komatu ku ntchito anali asanalembepo pulogalamu yotere. Anachapa mbale, anathirira maluwa, anachapanso mbale zomwezo. Cha m'ma 3 koloko anangoima chilili pakati pa khitchini, atakumbukira kumene anailemba mizereyo.

Pali tsamba lina la pa intaneti limene olemba mapulogalamu amathamangirako zikawathina. Wina amalemba vuto lake, ena n'kumuyankha, onse ndi mayina opeka. Ilinca ankakonda kuyankha mafunso kumeneko Loweruka ndi Lamlungu, monga ena amakondera kuluka, ndipo ku ofesi palibe ankadziwa dzina limene ankagwiritsa ntchito. Anafukula kompyuta yakale pansi pa bedi, n'kuidikira kuti iyake. Inatenga nthawi yake yonse.

Funso limene ankafuna analipeza, lolembedwa pa 9 Malichi. Munthu wina ankadandaula kuti pulogalamu yake ikumafa pakati akamakopera mndandanda waukulu wa mayina. Pansi pake panali yankho la Ilinca: agawe mayinawo m'timafayilo ta anthu 480, ndipo mizere yochitira zimenezo anamulembera yonse. Wofunsayo anathokoza kuti zatheka, Mulungu amudalitse.

Ilinca anawerenga yankho lake mpaka pansi. Kunsi kwa mizere ija anali atawonjezera chiganizo chimodzi: "Mukamaliza kutumiza, fufutani timafayiloti, apo ayi seva idzadzaza."

Amenewa ndi matenda athu tonse a ntchito imeneyi, akulu ndi ang'ono omwe. Timakopera mizere, tikaona kuti yagwira ntchito timatseka tsamba, mawu apansiwo awerenge ndani. Wakubayo anachita chimodzimodzi. Akanawerenga chiganizo chimodzicho, seva sikanadzaza, ndipo mwina bwenzi akubabe mpaka lero.

Panatsala kudziwa kuti anali ndani. Pakona pa funsolo panalembedwa kuti linasinthidwa patadutsa mphindi khumi ndi imodzi, ndipo tsambalo limasunga zimene munthu analemba poyamba. Ilinca anadina pamenepo. Poyamba wofunsayo anamata uthenga wonse umene kompyuta yake inatulutsa pulogalamu itafa, monga timachitira tikakhala pa changu. Uthenga wotere umatchula foda imene pulogalamu ili, ndipo foda ya munthu imatenga dzina la mwini kompyuta. Dzinalo linali hdobrin.

Anayesa kuganiza za Dobrin wina aliyense mu Romania monse, koma mtima unakana. Zinamupweteka kuposa mmene zinamupwetekera pamene ankamulanda laputopu.

Lachinayi pa 8 koloko anali kale mu ofesi ya Cazacu. Inspekitala anawerenga funso, yankho ndi chiganizo chapansi chija, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira pang'ono.

"Ndiye kuti munamuthandiza kuba, Mayi Vornicu."

"Ndinkathandiza munthu amene pulogalamu yake inkafa."

"Dzina lokha silikwanira. Aliyense akhoza kulemba dzina la mnzake, inunso mukudziwa bwino zimenezo. Koma likwanira kuti woweruza andipatse chilolezo chokasecha."

Chilolezo chinatuluka masana. Pa 4 koloko, Horia adakali ku ntchito, apolisi awiri anagogoda pa nyumba yake yatsopano ku Bârnova, imene mbali ina inali isanapakidwe n'komwe utoto. Mkazi wake anawatsegulira n'kuwapatsa madzi. Mu kompyuta ya m'chipinda chowerengera anapeza kapulogalamu kaja, mitundu yake isanu ndi umodzi, yosanjidwa bwino ndi madeti ake. Anapezanso mauthenga ake ndi anthu a mankhwala abodza aja. Horia sankataya chinthu.

Sanathawe. Lachisanu anabwera ku ntchito nthawi yake, atameta ndevu, n'kukhala pa desiki. Anamumanga pa 9:15. Ilinca anali ataitanidwa ku ofesiko kuti adzasainire ndi kutenga laputopu yake, ndipo anakumana nawo pa masitepe, Horia ali pakati pa apolisi awiri, Cazacu ali kumbuyo. Njira inali yopapatiza moti onse anaima.

"Ndiye unali iwe woyankha uja?" anafunsa Horia motsitsa mawu.

"Ndinali ine."

Horia anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pamene pulogalamu inalakwika. Ilinca anali atakonza mawu ambiri kuyambira Lachitatu, koma onse anamuthawa. Linatsala funso limodzi lokha.

"A Horia, munakhala pa desiki yanga mukudziwa kuti adzamanga ine. Munkaganiza kuti zinditha bwanji?"

"Ndinafufuza kaye, mlongo wanga. Sindikanakuika m'mavuto osafufuza." Ankalankhula modekha, mmene ankafotokozera zinthu pa msonkhano wa Lolemba. "Ulibe mlandu wina uliwonse. Akanakupatsa zaka ziwiri zokha, zokhalira kunja. Sukanagona m'ndende ngakhale tsiku limodzi."

Ilinca anamuyang'ana kuti aone ngati akunyoza. Sankanyoza. Ankakhulupiriradi kuti anamukomera mtima, ndipo zimenezo n'zimene zinamugwetsa misozi. Ilinca anapatuka n'kutsamira khoma kuti iwo adutse.

"Tiyeni, bambo," anatero Cazacu.

Mlandu unazengedwa mu Novembala. Mkulu wa ku Păcurari uja anabwera pa njinga ya odwala kudzaperekera umboni. Loya wa Horia anapempha khoti kuti liganizire kuti munthuyu analibe mlandu wina uliwonse, n'kumupatsa chilango chokhalira kunja. Khoti linamupatsa zaka zinayi, zokhalira m'kati.