Kope Limene Zikani Anasuta

M'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, khomo la a Namakhwa linkadziwika ndi maluwa amene akazi awo, Mayi Anesi, anabzala m'zitini pakhonde, ndiponso nyimbo ya kutchalitchi imene banjalo linkaimba m'mawa uliwonse lisanabalalike. A Namakhwa anali atathyola tiyi zaka makumi awiri. Sukulu analekezera Sitandade 5, koma dzanja lawo polemba linali lokongola moti kumpingo ndiwo ankalemba mayina a obatizidwa.

Mwana wawo Zikani anali Fomu 4 pa sekondale yoyendera chaka cha 2003. Mutu anali nawo, masamu sankamuvuta n'komwe. Chimene chinkamupinga chinali Chingerezi, ndipo aliyense ankadziwa kuti wolephera Chingerezi satifiketi saiona, ngakhale atakhoza bwanji maphunziro enawo. Popanda satifiketi, mwana wa pa esiteti njira yake inali imodzi, ya kumunda wa tiyi.

Pasukulupo mabuku a nthano, ndakatulo ndi sewero a Chingerezi analipo atatu okha, ana makumi asanu. Aphunzitsi a phunzirolo, Mayi Nyirenda, anataipa okha kabuku ka manotsi. Munali kufotokoza kwa nkhani iliyonse, mafunso a mayeso akale ndi kayankhidwe kake. Kabukuko kankazungulira motsata mayina. Mwana aliyense ankakhala nako masiku atatu, akopere m'kope mwake, apereke kwa mnzake. Mwayi wachiwiri panalibe.

Tsoka silinunkha. Nthawi ya Zikani inakwana iye ali pamphasa, malungo atamugwira zolimba. Anzake anangobweretsa kabukuko n'kukasiya pampando.

A Namakhwa anakatembenuzatembenuza kabukuko. Kenaka anapita kwa kapitawo kukapempha masiku awiri opuma, m'mwezi wa Febuluwale pamene tiyi amaphukira usanatembenuke n'komwe ndipo wothyola aliyense amalimbirana mzere. Anagula kope lachikuto cholimba, anakhala pakhonde, nayamba kukopera chilembo chimodzichimodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zala zawo zong'aluka ndi tiyi zinkachita dzanzi, iwo n'kuziwongola, n'kupitiriza.

"Bambo a Zikani, mukulemba zinthu zoti simukuzimva?" anafunsa Mayi Anesi akuseka.

"Dengu nalo silimwa tiyi, koma limamufikitsa kusikelo," anayankha a Namakhwa osadzutsa mutu.

Lamulungu atabwera kutchalitchi anamaliza tsamba lotsiriza. Zikani atapeza bwino, anamuitana namupatsa kopelo ndi manja awiri ngati akupereka kwa munthu wamkulu.

"Ine ndalemba, mwana wanga. Kwako n'kuwerenga basi."

Zikani analira ndi chisangalalo. Analonjeza zambiri tsiku limenelo, ndipo ankanena zoona, pakuti mtima wake unali usanapotoke.

Njira ya kusukulu inkadutsa m'nkhalango ya bulugamu ya esitetiyo. Mmenemo munkapezeka Stafford, mnyamata amene anasiya sukulu ali Fomu 2, wodula nkhuni za kufakitale akafuna, wogona pamthunzi akapanda kufuna. Pakamwa anali wotsekemera kwabasi.

"A Fomu 4 awo! Mukuyenda ngati mwasenza sukulu yonse pamutu, aise. Tabwerani mupumule."

Zikani anakhala. Stafford anatulutsa fodya wachingambwe m'kajumbo.

"Mutu wa mayeso umafuna kotsegulira. Ungokoka kamodzi, Chingerezi chizibwera chokha. Pepala uli nalo?"

"Ndili ndi kope lokha. Ndi la ababa ili."

"Kumbuyoko kulibe masamba osalemba? Akugwira ntchito yanji?"

Analipo asanu ndi limodzi. Zikani anang'amba limodzi, anapichira fodya. Anatsokomola mpaka misozi, Stafford akuseka chikhakhali. Mawa lake sanatsokomole kwambiri.

Sabata ziwiri zisanathe, masamba oyera anatha. Fodya nayenso anasintha, Stafford anayamba kusakanizamo chamba.

"Basi, kwatsala zolembedwa zokha," anatero Zikani, akubweza kope m'chikwama.

"Nanga inkiyo imaluma? Ng'amba limodzi pakati, mdalayo adziwa bwanji, Chingerezi sachimva. Udzakoperanso kwa anzako."

Mawu akuti mdala anamulasa Zikani, koma khosi linali litamuyabwa kale. Anasankha tsamba la ndakatulo imene sankaikonda. Tsiku lina anasankha la mafunso akale. Pambuyo pake analeka kusankha.

Kunyumba Mayi Anesi anali ndi mphuno. Tsiku lina akuchapa yunifomu anamuitana kuseri kwa nyumba.

"Zikani, malaya awa akununkha chiyani?"

"Ndi utsi wa kufakitale, amayi."

"Ndakhala pano usanabadwe, utsi wa kufakitale ndimaudziwa. Milomo yakonso yada. Mwana wanga, Stafford alibe chimene angataye, iwe uli nacho. Bambo ako ndisawauze, adzasweka mtima. Leka wekha."

Zikani analumbira kuti waleka. Analekadi masiku anayi.

Kusukulu mpando wake unayamba kukhala wopanda munthu masana. Mayi Nyirenda anamuimitsa pakhomo la kalasi.

"Namakhwa, kope lokongola lija lili kuti? Ndimafuna anzako aone mmene munthu amalembera."

"Ndaliiwala kunyumba, Madamu."

"Sabata yathanso unaliiwala. Mayeso saiwala munthu, mwana iwe."

Mwezi wa Okutobala, kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso ayambe, kapitawo anatuma gulu la a Namakhwa kukalambula m'mphepete mwa bulugamu poopa moto wolusa. Pansi pa mtengo wina panali totsalira ta ndudu tambirimbiri. A Namakhwa anati akokolole ndi khasu, koma kamodzi kanali katafunyuluka, ndipo panali zolemba za inki yabuluu. Anawerama, anatola. Munthu saiwala dzanja lake. Anatolanso kena, ndi kena, mpaka anzawo anawafunsa ngati ataya ndalama. Anaika timapepalato m'thumba la malaya, namaliza ntchito yawo.

Ataweruka anakhala pakhonde, pamalo pomwe anakhala pokopera paja, naitana mwana wawo.

"Tabweretsa kope lija."

Zikani analibweretsa. Chikuto chinali chilipo, koma m'kati munatsala masamba owerengeka, olendewera pa ulusi. A Namakhwa analiyeza m'dzanja. Kenaka anatulutsa timapepala topserera tija, natiyala pabondo mosamala ngati tingamve kuwawa.

Zikani anayembekeza ndodo. Akanakonda ndodo.

"Khala pansi, sindikumenya," anatero bambo ake motsitsa mawu. Analoza kapepala kamodzi. "Tsamba ili ndikulikumbuka. Ndinalilemba kawiri, poyamba ndinadumpha mzere. Linali lalitali, ndipo dzina limodzi linkangobwerabwera. Ndinkati ameneyu ayenera kuti ndi munthu wovutika kwambiri, kapena wokondedwa kwambiri. Ndinkati tsiku lina mayeso akadzatha udzandiuza. Tandiuza lero, mwana wanga. Pankanenedwa chiyani pamenepa?"

Zikani anayang'ana kapepalako. Panatsala mawu anayi okha, m'mbali monse mwakuda. Tsambalo anali asanaliwerengepo. Ambiri mwa masambawo analowa m'chifuwa mwake osadutsa m'maso.

"Sindikudziwa, ababa."

"Ngakhale pang'ono?"

"Sindinawerenge."

A Namakhwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti tonse awiri sitikudziwa," anatero. Mayi Anesi, amene anaima pakhomo, anaphimba nkhope ndi chitenje.

Zikani anagwada nagwira mapazi a bambo ake, akulira ngati kamwana. Manyazi amene anamva tsiku limenelo anaposa malungo aja. Bambo ake anamusisita m'mutu, nawonso misozi ikutsika.

M'mawa mwake anathamangira kwa Mayi Nyirenda naulula zonse. Aphunzitsiwo anamumvera chisoni, koma kabuku kaja kanali m'manja mwa ana otsiriza pamndandanda.

"Ndilande mwana amene wadikira chaka chonse, ndipatse iwe amene unalandira n'kutentha? Sindingathe, Zikani."

Anzake nawo makope awo anali atawakumbatira, poti ndani angabwereketse khasu tsiku lobzala? Stafford atamva kuti nkhani yaululika anangoseka, nati sanakakamize munthu. Sabata yomweyo anakwera minibasi ya ku Limbe osatsanzika.

M'chipinda cha mayeso Zikani anawerenga mafunso a Chingerezi nazindikira mitu yake. Ina anaikumbuka bwino lomwe, chifukwa anaiona akuipinda. Analemba dzina lake, analemba mizere ingapo, kenaka anangokhala kumvetsera zolembera za anzake zikuthamanga.

Zotsatira zinatuluka mvula ili pakati. Masamu anakhoza bwino kuposa onse pasukulupo, sayansi chimodzimodzi. Chingerezi analephera, ndipo satifiketi panalibe.

Lolemba lotsatira kapitawo analemba dzina latsopano m'buku la othyola tiyi. Kunja kukuwaza, a Namakhwa anamuveka mwana wawo pepala la pulasitiki m'chiuno, namukweza dengu kumsana. Anamukonzera zingwe kuti zisamudule mapewa, namuonetsa kathyoledwe kake, masamba awiri ndi kansonga. Anamuphunzitsa modekha ndi mwachikondi, monga ankachitira zonse. Koma pamene Zikani analowa mumzere wake, bambo ake anatembenukira kuphiri nakhala nthawi yaitali asanayambe wawo.

Mulungu sataya wolapa. Zikani fodya anamusiyiratu, ndipo Mayi Nyirenda anamulola kumabwera Loweruka masana kudzakopera manotsi pakhonde pawo, ndi dzanja lake, kuti adzayesenso mayeso. Ngati adzakhoze, zili m'manja mwake ndi mwa Mwini wake. Koma chaka chija chinapita, ndipo maso a a Namakhwa anayamba kuchita nkhungu moti mayina a obatizidwa tsopano amalemba ndi wina.

Ana inu amene muli pasukulu, mverani. Buku lililonse, kope lililonse limene mwanyamula, pali munthu amene anadzimana kuti lifike m'manja mwanu. Tchimo silipempha kope lonse, limapempha tsamba limodzi losalemba. Mnzanu wokuitanirani kufodya ndi kuchamba sadzakhala nanu m'chipinda cha mayeso. Mukanize tsiku loyamba lomwelo, pakuti makolo angakukhululukireni, koma chimene mwatentha sichibwerera.