Andreas Wachiwiri

Enifa anakumana ndi Ackson mu shopu ya nsomba ndi tchipisi ku Cape Hill, Lachiwiri lina masana m'mwezi wa Febuluwale. Anali atangotha miyezi inayi ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham, akugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo tsikulo njala inamukankhira m'shopu imene ankangoidutsa masiku onse.

Atatsegula pepala n'kuona chimene anamukulungira, anang'ung'udza yekha m'Chichewa kuti nsomba yanji yopanda mutu, yopanda minga.

"Mutu tinatumiza kumudzi, achemwali," anayankha mnyamata wa kuseri kwa kauntala, osatukula n'komwe maso.

Enifa anaseka mpaka anthu a pamzere anamuyang'ana. Mnyamatayo anati dzina lake ndi Ackson, kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kudzaphunzira ku Coventry, ndipo atamaliza digiri anayamba kukazinga nsomba podikira ntchito yabwino. Anamuwonjezera tchipisi, n'kulemba nambala yake pakona pa pepala.

Zinayamba choncho. Pasanathe mwezi, foni ya Enifa inkalira m'mawa uliwonse asanakwere basi.

"Wadzuka bwanji, nyenyezi yanga ya ku Dedza? Mafuta atentha kale kuno, koma sakufika pa mtima wangawu."

"Bodza lako," ankayankha Enifa. Koma mesejiyo ankaiwerenga katatu.

Lolemba shopu inkatsekedwa, ndiye ankayenda awiriwiri m'mbali mwa ngalande, manja m'thumba limodzi la jekete ya Ackson. Ndi kumeneko kumene mnyamatayo analonjeza.

"Ine ndimalumbira kamodzi, mami. Khirisimasi ikadutsa, amalume anga akaonekera kwanu. Chaka chamawa ngati lero udzakhala ukudandaula za mkonono wanga."

Enifa anawauza amalume ake ku Dedza, iwo n'kusankha tsiku lolandira alendowo. Amayi ake nawo sanathe kusunga nkhani, mvano wonse unadziwa. Lamulungu lokha ndi limene Ackson sankapezeka. Ankati bwana wake, a Andreas, amamutenga kukamuphunzitsa kayendetsedwe ka bizinesi. Enifa sankafunsa zambiri. Kodi kunja kuno munthu amasankha tsiku logwira ntchito?

Mwa okalamba amene Enifa ankawasamalira munali a Kostas, Mgiriki wa ku Cyprus wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi. Anabwera ku Birmingham ali mnyamata, anakazinga nsomba moyo wawo wonse, ndipo tsopano ankayenda pa njinga ya olumala akunyoza tiyi wa Angerezi. Iwo ankamutchula Enifa kuti Malawi, dzina lake lenileni ankati n'lovuta.

Sabata yomaliza ya Novembala, akuwameta ndevu, Enifa anawadandaulira kuti Loweruka sakaonana ndi chibwenzi chake. Bwana wake, a Andreas, ali ndi phwando kunyumba, ndipo Ackson akakhala akuperekera alendo zakudya.

A Kostas anatembenuka mwadzidzidzi, lezala pang'ono kuwacheka. Andreas uti? Wa ku Cape Hill? Uja anaphunzira kusenda mbatata m'shopu yawo ali ndi mamina! Anafotokoza kuti Loweruka ndi tsiku la Andreya Woyera, ndipo aliyense wotchedwa Andreas amakondwerera. Kwa Agiriki tsiku la woyera amene unatengera dzina lake limaposa tsiku lobadwa. Anamaliza ndi kunena kuti iwo akupita, ndipo Malawi awakankha.

Enifa anati sanaitanidwe.

"Pa tsiku la dzina saitana munthu, mwana wanga. Chitseko chimangokhala chotsegula. Amene sanabwere ndiye amafunsidwa."

"Kwathu zosaitana ndi za maliro, agogo."

A Kostas anaseka mpaka kutsokomola. Manijala wa nyumba ya okalambayo anavomera ulendowo, ndipo masiku atatu otsatira chipinda cha a Kostas chinasanduka kalasi.

Malamulo sanali ambiri, koma mphunzitsi anali waukali. Osapita chimanjamanja, koma osanyamulanso zodzionetsera: kabokosi ka makeke kapena maluwa, basi. Mphatsoyo akaiika pambali osaitsegula, usakhumudwe. Ukalowa uyambe kupatsa moni mwini dzina, kuti "Hronia polla," kutanthauza kuti zaka zambiri. Mwini dzinayo ndi amene amatumikira alendo ake, amabwera yekha ndi thireyi ya zotsekemera ndi madzi ozizira, ndipo kukana n'kumunyoza. Kenako umatembenukira kwa mkazi wake kapena mayi wake n'kunena kuti akondwere naye. Ndipo mikangano yonse imasiyidwa panja ndi maambulera.

Enifa ankabwereza mawuwo m'basi, m'bafa, ngakhale potsuka mbale. Akaganiza nkhope ya Ackson pomuona akulowa, akulankhula Chigiriki pamaso pa bwana wake, ankamwetulira yekha ngati wamisala. Anagula diresi yobiriwira. Analukitsa tsitsi. Anapita mpaka ku bekale imene a Kostas anamulozera, n'kusankha makeke a uchi omangidwa ndi riboni.

Lachisanu madzulo meseji inabwera.

"Mawa ndikusowa, nyenyezi. Ndikhala wantchito wa Agiriki tsiku lonse, kunyamula mbale. Undiganizireko."

"Ndikuganizira kuposa mmene ukudziwira, wanga," anayankha Enifa, n'kubisa nkhope mupilo kuti mnzake wa chipinda choyandikana asamve kuseka kwake.

Loweruka cha m'ma thu koloko takisi inawatsitsa kwa a Andreas ku Great Barr. Msewu unali utadzaza magalimoto. Kunja kunkazizira, koma chitseko cha nyumbayo chinalidi chotsegula, ndipo fungo la khofi linkafika mpaka pageti.

A Andreas anali bambo wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma. Ataona a Kostas anagwada pambali pa njinga n'kuwapsompsona masaya onse awiri. Enifa anadikira mpata wake, anapereka kabokosi ndi manja awiri, n'kunena mawu ake bwinobwino.

Bamboyo anatukula manja m'mwamba. Analengeza kwa nyumba yonse kuti mtsikana uyu akulankhula Chigiriki kuposa adzukulu ake, anthu n'kuwomba m'manja. Enifa ananena kwa mayi a panyumbapo kuti akondwere naye mwamuna wawo, mayiwo anamukumbatira, ndipo a Kostas anamutsinzinira diso. Zonse zinkayenda monga mmene anaphunzirira. Maso ake okha ndi amene ankasakasaka kukhitchini.

A Andreas anafunsa kumene amachokera. Atamva, anamenya ntchafu.

"Malawi? Ndiye wabwera tsiku labwino. Lero m'nyumba muno muli a Andreas awiri, ndipo winayo ndi wakwanu."

Enifa sanamvetse. Bamboyo anafotokoza monyadira kuti ndi mnyamata wa m'shopu yake, amene akukwatira mwana wake wamkazi, Thekla. Miyezi yonseyi wakhala akupita nawo kutchalitchi Lamulungu lililonse kukaphunzira chikhulupiriro, ndipo mu Seputembala anabatizidwa n'kutenga dzina la apongozi ake. Lero ndi tsiku lake loyamba la dzina. Anakuwa kuti Andreas wamng'ono abwere ndi thireyi, kwafika mlendo wakwawo.

Ackson anatulukira pakhomo la khitchini atavala suti yatsopano, kamtanda kagolide kakulendewera pakhosi. Pambali pake pankayenda mtsikana wamfupi wa tsitsi lopotana, mphete ikuwala pachala.

Ataona Enifa, Ackson anaima pomwepo ndi thireyi m'manja.

A Kostas anayang'ana mnyamatayo, anayang'ana Enifa, ndipo nkhope yawo inagwa. Anamugwira dzanja n'kunong'ona kuti atopa, akhoza kubwerera pomwepo. Enifa anapukusa mutu. Pakamwa pake pankadziwa chochita.

"Hronia polla, Andreas," anatero.

Anatenga kasupuni ka chipatso chophikidwa mu shuga n'kuika m'kamwa. Anachikankha ndi madzi, n'kubwezera tambula pathireyi mosamala.

Thekla anali atamugwira kale manja onse awiri. Ankalankhula mofulumira, nkhope yonse ikuseka. Ankati Andreas anamuuza kuti sadziwa Mmalawi aliyense ku Birmingham kuno, ndipo zinkamumvetsa chisoni kuti pa ukwati mbali ya mwamuna idzakhala yopanda munthu. Kodi Enifa sangabwere? Adzakhale kutsogolo, ngati mlongo wake. Adzamuphunzitsenso kuphika zakwawo, poti iye akayesa, mwamunayo amangoseka.

Enifa anafufuza chinyengo m'maso mwa mtsikanayo, osachipeza.

Apo Ackson analankhula m'Chichewa, chapansipansi, akumwetulira ngati akupereka moni wa kumudzi.

"Usandiyalutse, chonde. Izi ndi za mapepala chabe. Viza yanga ikutha Malichi, ndikanatani? Undipatse zaka zochepa, ndikhazikike. Mtima wanga uli kwa iwe, nyenyezi, ukudziwa."

"Amalume ako akupitabe ku Dedza?"

Ackson anagwetsa maso pathireyi.

Thekla anayang'ana uku ndi uku mosangalala, n'kufunsa kuti akukambirana chiyani m'chinenero chokoma chonchi.

Enifa anaona a Andreas akuthira vinyo m'matambula, mayi aja akugawa makeke, ana akuthamangitsana pansi pa tebulo. Anthuwa anamulandira osamudziwa. Akanatha kungomuuza Thekla kuti akondwere naye, monga mwa mwambo, n'kutuluka ndi ulemu wake. Ndani akanamuimba mlandu? Koma mtsikanayu anali atamugwirabe manja, ndipo manjawo anali ofunda.

Enifa anapempha Thekla kuti amusonyeze kopachika jekete.

M'kanjira ka kuseri, pakati pa majekete a alendo, Enifa anamasulira mawu a Ackson limodzi ndi limodzi, osawonjezera, osachotsa. Kenako anatsegula foni n'kuipereka. Thekla sankamva Chichewa, koma masiku ankawawerenga, zithunzi za kungalande ankaziona, ndipo Chingerezi chimene chinali m'mamesejiwo chinali chokwanira. Anatsitsa ndi chala mpaka pa meseji ya dzulo lake. Anafunsa kuti zinayamba liti. Enifa anati Febuluwale.

"Ine anandifunsira pa Pasaka," anatero Thekla.

Kuchipinda chochezera wina anali atayamba nyimbo, ena akuyankha. Thekla anabweza foni, anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kunena liwu limodzi la Chichewa limene ankalidziwa.

"Zikomo."

Sanabwerere kwa alendo. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, akuvula mphete.

A Kostas anauza mwini nyumba kuti msana wawavuta. A Andreas anadandaula kuti sanadye n'komwe, anawakulungira makeke a panjira, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo akuwauza kuti chaka chamawa asadzachedwe. Enifa anathokoza. Sanathe kuwayang'ana kumaso.

Dalaivala akukweza njinga m'takisi, Ackson anatuluka akuthamanga, wopanda jekete.

"Wamuuza chiyani? Enifa, wamuuza chiyani? Ukudziwa kuti wandiphera tsogolo? Ndimachitira ife tonse awiri!"

Enifa anamuyang'ana. Anali yemwe uja, maso omwe aja, kachipsera ka mafuta padzanja. Anadikira kuti mkwiyo ubwere, koma chinabwera ndi kutopa kokha.

"Bwerera m'nyumba, Andreas. Alendo ako akudikira madzi."

Takisi itanyamuka, a Kostas anayamba kupepesa kuti ndi iwo anamukokera kumeneko. Enifa anawakonzera bulangete pamaondo n'kuwauza kuti asatero, mphunzitsi salakwa. Misozi inayamba ali pa mphambano yoyamba, ndipo nkhalambayo inangomugwira dzanja, ikuyang'ana kunja pawindo kuti alire momasuka.

Foni inalira kanayi. Sanaiyankhe. Atayandikira Smethwick anaitsegula, n'kufufuza nambala ya amalume ake. Analemba zambiri, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufuta. Pomaliza anatumiza mizere iwiri.

"Amalume, alendo aja musawadikire, sabwera. Amayi musawauze, ndiwauza ndekha mawa akachoka kutchalitchi."